Zobisika m'kapaipi ka diripi: mmene kutentha kumaululira makemikolo a m'pulasitiki

Thumba losungira magazi ndi paipi yotuwa ya madzi zimachokera ku pulasitiki ya mtundu umodzi yotchedwa PVC. Paipi ndi youma gwa, pomwe thumba limapindika ngati nsalu. Kusiyanaku kumabwera chifukwa cha kemikolo wofewetsa yemwe opanga amasakaniza ndi PVC. M'matumba a magazi, m'timapaipi ta diripi ndi m'timachubu todyetsera makanda kudzera m'mphuno, kemikolo ameneyu amakwana magawo 20 mpaka 40 pa magawo 100 alionse a kulemera kwa pulasitikiyo. Kwa zaka zoposa 50, wofewetsa yemwe wakhala akugwiritsidwa ntchito kwambiri pa zipangizo za m'chipatala ndi DEHP, wa m'gulu la makemikolo otchedwa phthalate.

DEHP sakhazikika m'pulasitiki. Amatuluka pang'onopang'ono n'kulowa m'magazi, m'mankhwala kapena m'chakudya chimene chikudutsa m'kapaipiko. N'chifukwa chake akatswiri ofufuza, mabungwe oona za miyezo ndi ogula zipangizo za m'chipatala amafuna kudziwa zomwe zili m'pulasitiki asanaifikitse kwa wodwala. Maso sangathe kuzizindikira, ndipo nthawi zambiri chikalata cha pa paketi sichizitchula. Njira imodzi yachangu yozidziwira ndi pyrolysis, yomwe ndi kutenthetsa kachidutswa ka pulasitiki pamalo opanda mpweya wa okosijeni n'kupima nthunzi yomwe yatuluka.

Mbali ziwiri za pulasitiki

Pulasitiki iliyonse ili ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi polima, yomwe ndi mamolekyulu ang'onoang'ono ofanana, masauzande ambirimbiri, olumikizana ngati mikanda pa ulusi. Mtundu wa mikandayo ndiwo umapatsa pulasitiki dzina. Polyethylene ndi ya majumbo ndi zigubu, polypropylene ndi ya masirinji ndi mabeseni, PET ndi ya mabotolo a madzi ndi zakumwa, polystyrene ndi ya timabokosi toyera tonyamulira chakudya, pomwe PVC ndi ya mapaipi, zokutira mawaya a magetsi ndi zipangizo zofewa za m'chipatala.

Mbali yachiwiri ndi makemikolo owonjezera. Polima payokha sichedwa kuwonongeka, ndipo ina siumbika bwino pa makina. Choncho opanga amathiramo zofewetsa, zoteteza kuti pulasitiki isafumbutuke ndi dzuwa kapena kutentha, zoletsa moto, zopatsa mtundu, komanso zoterereza kuti mapepala a pulasitiki asamatirirane. Ena mwa makemikolowa amakhala ochepa kwambiri, osafika ngakhale gawo limodzi pa 100, koma zofewetsa ndi zoletsa moto zimathiridwa zambiri. Lipoti lomwe nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe ya UNEP idatulutsa mu 2023 lidapeza makemikolo oposa 13,000 okhudzana ndi mapulasitiki, ndipo oposa 3,200 mwa iwo amadziwika kuti ali ndi chiopsezo china chake pa thanzi kapena pa chilengedwe.

Kanambala komwe kamalembedwa m'kati mwa makona atatu kunsi kwa botolo kamangotchula polima: 1 ndi PET, 2 ndi 4 ndi polyethylene, 3 ndi PVC, 5 ndi polypropylene, 6 ndi polystyrene, ndipo 7 ndi mitundu ina yonse. Manambalawa adayamba ku America mu 1988 pofuna kuthandiza osankha zinyalala, ndipo sanena chilichonse za makemikolo owonjezera. Zidole ziwiri za PVC zingafanane maonekedwe ndi nambala, koma china chili ndi DEHP pomwe chinzake chilibe. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chifukwa chomwe makemikolowa amatulukira

Makemikolo ambiri owonjezera samangika ku polima. Amangokhala m'mipata ya pakati pa maulusi a mikanda aja, ndipo amatha kuyenda kuchokera m'kati kufika pamwamba. Alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka omwe adagawapo maneti a udzudzu amadziwa kale khalidweli. Neti ya Olyset ndi ya polyethylene yosakanizidwa ndi mankhwala a permethrin okwana magawo 2 pa 100. Neti ikachapidwa, mankhwala a pamwamba amachoka, koma pakapita masiku ena amatuluka m'kati mwa ulusi n'kubwera pamwamba. Pa neti, kutulukako n'kofunika chifukwa ndiko kumapha udzudzu. Pa kapaipi ka diripi zimachitikanso chimodzimodzi, kungoti palibe amene amazifuna.

Zinthu zitatu zimachulukitsa kutulukaku: kutentha, mafuta ndi nthawi. DEHP sasungunuka kwenikweni m'madzi, koma amasungunuka mosavuta m'mafuta. Diripi ya madzi amchere kapena ya shuga imatenga DEHP wochepa kwambiri. Magazi, mkaka, chakudya chamafuta chopatsira m'mitsempha ndi mankhwala ena a jakisoni okhala ndi zosungunulira zonga mafuta zimatenga wochuluka.

Nkhaniyi idadziwika mu 1970, pamene Rudolph Jaeger ndi Robert Rubin a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America adaonetsa kuti DEHP amatuluka m'zipangizo za PVC n'kulowa m'magazi. Mu 1972 adalengezanso kuti adamupeza m'matupi a odwala omwe adapatsidwa magazi a m'matumba. Panthawiyo n'kuti matumba a pulasitiki, omwe Carl Walter ndi William Murphy adayambitsa cha m'ma 1950, atayamba kale kulowa m'malo mwa mabotolo agalasi.

Omwe ali pachiopsezo chachikulu

Kafukufuku wa pa nyama, makamaka makoswe, adaonetsa kuti DEHP amasokoneza mahomoni aamuna ndi kakulidwe ka ziwalo zoberekera, makamaka mwana akadali m'mimba kapena atangobadwa. Nthambi ya WHO yofufuza za khansa ya IARC idaika DEHP m'gulu la 2B, la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa kwa anthu. Ku Ulaya, bungwe loona za chitetezo cha chakudya la EFSA lidakhazikitsa mlingo wa mamaikulogalamu 50 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku ngati malire omwe munthu angalandire moyo wake wonse popanda vuto. Khanda lobadwa masiku asanakwane, lolemera kilogalamu imodzi ndi theka, lomwe lili ndi kachubu m'mphuno, diripi pamkono ndipo lalandiranso magazi, likhoza kupyola malirewo pamasiku omwe lili m'chipatala.

Mu July 2002 bungwe la FDA la ku America lidachenjeza zipatala za nkhaniyi. Lidatchula makanda aamuna, amayi oyembekezera mwana wamwamuna ndi anyamata omwe akutha msinkhu kuti ndiwo oyenera kutetezedwa koposa, makamaka pa chithandizo monga kusintha magazi onse a khanda, kudyetsa kudzera m'mitsempha ndi kusefa magazi pa makina a impso. Koma chenjezo lomwelo lidanenetsa kuti kumana wodwala chithandizo chofunika n'koopsa kwambiri kuposa DEHP.

Malamulo adatsatira. Bungwe la mayiko a ku Ulaya la EU lidayamba kuletsa ma phthalate ena m'zidole za ana aang'ono mu 1999, ndipo America idachita chimodzimodzi mu 2008. Kuyambira pa 22 July 2019, zipangizo zamagetsi zogulitsidwa ku EU siziyenera kukhala ndi DEHP, BBP, DBP kapena DIBP woposa 0.1 peresenti, yomwe ndi mamiligalamu 1,000 pa kilogalamu. Lamulo la EU la 2017 la zipangizo za m'chipatala limafuna kuti wopanga afotokoze chifukwa chake ndi kulemba pa paketi ngati chipangizo cholowa m'thupi kapena chodutsa mankhwala chili ndi kemikolo wa mtunduwu woposa mlingo womwewo. Kuti malamulo oterewa agwire ntchito, pamafunika njira yopimira katundu wambiri mwachangu, ndipo apa ndi pamene pyrolysis imathandiza.

Tanthauzo la pyrolysis

Mawu akuti pyrolysis adachokera ku Chigiriki, ndipo amatanthauza kumasula ndi moto. Aliyense amene adaonapo kaotchedwe ka makala adaona pyrolysis. Ootcha makala amakwirira nkhuni ndi dothi kuti mpweya uzilowa wochepa kwambiri. Nkhunizo sizisanduka phulusa. Kutentha kumathamangitsa madzi, utomoni ndi mipweya ina yomwe imatuluka ngati utsi, n'kutsala makala. Woootcha makala amafuna zotsalazo, pomwe katswiri wa m'labotale amafuna utsiwo, chifukwa ndiwo uli ndi mayina a zomwe zidali m'kati.

Pakakhala okosijeni, pulasitiki imayaka, ndipo yambiri imasanduka mpweya woipa wa kaboni, nthunzi ya madzi ndi mwaye, zomwe sizinena kuti zidachokera kuti. Pakakhala palibe okosijeni, unyolo wa polima umaduka m'malo ake ofooka, ndipo mtundu uliwonse umaduka mwa njira yakeyake nthawi zonse. Zidutswa zake zimakhala ngati chidindo cha chala.

Nzeruyi ndi yakale. Mu 1860 Greville Williams wa ku Britain adatenthetsa labala wachilengedwe n'kupeza isoprene, yemwe ndi mkanda wopanga labalayo. Mu 1952 Archer Martin ndi Anthony James adayambitsa gas chromatography, njira yolekanitsira mipweya yosakanikirana, ndipo pofika 1954 akatswiri ena a ku Britain adali atailumikiza kale ndi pyrolysis pofuna kuzindikira mapolima. Makina a masiku ano amaphatikiza zida zitatu: kang'anjo kotenthetsera, gas chromatograph ndi mass spectrometer. M'malipoti amalembedwa mwachidule kuti Py-GC/MS.

Zomwe zimachitika m'labotale

Katswiri amadula kachidutswa kolemera pafupifupi theka la miligalamu, kocheperapo kuposa njere ya chitowe, n'kukaika m'kakapu kachitsulo. Kakapuko kamalowetsedwa m'kang'anjo momwe mukudutsa mpweya wa helium, womwe suyaka ndipo susakanikirana ndi chilichonse. Pofufuza makemikolo owonjezera, kutenthetsako kumachitika kawiri.

Ulendo woyamba ndi wa moto wochepa, madigiri a Celsius pafupifupi 300. Muyezo wa mayiko onse wa IEC 62321-8, womwe udatuluka mu 2017 wokhudza ma phthalate m'mapolima, umanena kuti kutentha kukwere pang'onopang'ono kuchokera pa madigiri 200 kufika pa 340. Pamenepa zofewetsa, zoterereza ndi zoteteza zambiri zimauluka zili zathunthu, polima yambiri isanaduke. N'chimodzimodzi ndi chimanga chokazinga chomwe chimayamba kutulutsa fungo chisanapserere. Ulendo wachiwiri kakapu komweko kamaponyedwa pa madigiri 550 kapena 600, ndipo m'masekondi ochepa polima yonse imaduka. Ulendo woyamba umaonetsa zomwe zidathiridwa m'pulasitiki, wachiwiri umaonetsa mtundu wa pulasitikiyo.

Nthunzi ya ulendo uliwonse imakankhidwa ndi helium kulowa m'kapaipi kopyapyala ngati ulusi, kotalika mamita 30 koma kokulungidwa ngati nkhata. M'kati mwake mudapakidwa kemikolo womwe umagwira mamolekyulu kwakanthawi n'kuwasiya. Opepuka amadutsa msanga, olemera ndi omata amachedwa, motero amafika kumapeto kwa kapaipiko mmodzimmodzi, aliyense pa nthawi yake. Kumeneko mass spectrometer imawaphwanya ndi mphamvu ya magetsi n'kuyeza kulemera kwa tizidutswa take. Kompyuta imajambula mzere wokhala ndi nsonga zambiri. Nsonga iliyonse ndi kemikolo mmodzi, ndipo kukula kwake kumasonyeza kuchuluka kwake. Kompyutayo imayerekeza tizidutswato ndi nkhokwe ya makemikolo odziwika kale, monga ya bungwe la NIST la ku America, kapena ya mapolima 163 yomwe Shin Tsuge wa ku yunivesite ya Nagoya ku Japan ndi anzake adasindikiza mu 2011.

Njira yakale yopimira ndi kuviika pulasitiki m'zosungunulira kwa maola angapo kuti makemikolo atuluke, kenako n'kupima madziwo. Njirayi ikugwirabe ntchito ndipo ndi yodalirika pa kuchuluka, koma imadya nthawi, imafuna zosungunulira zodula ndiponso imasiya zinyalala zoopsa. Ndi pyrolysis, kachidutswa kamodzi kamapimidwa pasanathe ola limodzi, ndipo makina okhala ndi chosinthira makapu amapima zidutswa makumi angapo usiku umodzi popanda munthu.

Kuwerenga zotsatira

Polima iliyonse ili ndi chizindikiro chake pa ulendo wachiwiri. Polystyrene imatulutsa styrene wambiri. PVC imatulutsa mpweya wa asidi wa hydrogen chloride pamodzi ndi benzene ndi naphthalene. PET imatulutsa benzoic acid, nayiloni 6 imatulutsa caprolactam, pomwe polyethylene imajambula nsonga zobwera zitatuzitatu, zondondozana ngati mano a chipeso.

Makemikolo owonjezera nawonso amadziwika ndi tizidutswa tawo. Ma phthalate ambiri amatulutsa kachidutswa kolemera 149 pa sikelo ya mass spectrometer. DEHP amaonjezerapo ta 167 ndi 279. Zoletsa moto zokhala ndi bromine zimadziwika msanga chifukwa bromine ali ndi mitundu iwiri yolemera 79 ndi 81 yomwe imapezeka pafupifupi mofanana, choncho nsonga zake zimabwera m'magulu osasokonezeka ndi ena.

Zitsanzo ziwiri zikusonyeza chifukwa chomwe zida zonse zitatu zimafunikira. DEHT, mmodzi mwa zofewetsa zomwe zikulowa m'malo mwa DEHP, ali ndi maatomu ofanana ndendende ndi a DEHP ndipo onse amalemera 390, kungoti adalumikizana mosiyana. Sikelo yokha singawalekanitse bwino, koma amatuluka m'kapaipi kaja pa nthawi zosiyana. Chitsanzo chachiwiri ndi bisphenol A, kapena kuti BPA, yemwe EU idamuletsa m'mabotolo oyamwitsira ana mu 2011. M'pulasitiki ya polycarbonate, BPA ndiye mkanda weniweni wa polima. Ikatenthedwa kamodzi kokha pa madigiri 600, imatulutsa BPA wambiri wochokera ku unyolo woduka, ndipo wosadziwa angaganize kuti yenseyo adali womasuka. Kutenthetsa kawiri kumathandiza kusiyanitsa zomasuka ndi zomangika.

Pofuna kudziwa kuchuluka, labotale imayamba yapima pulasitiki yoyesera yomwe mlingo wake wa kemikoloyo ukudziwika kale, kenako n'kuyerekeza nsonga. Muyezo wa IEC 62321-8 umagawa zotsatira patatu poyerekeza ndi malire a mamiligalamu 1,000 pa kilogalamu. Zikakhala pansi pa 500, katunduyo wadutsa. Zikapyola 1,500, walephera. Zikagwera pakati pa 500 ndi 1,500, ayenera kupimidwanso ndi njira ya zosungunulira. Kapaipi ka PVC kokhala ndi DEHP wa magawo 30 pa 100 kali ndi mamiligalamu 300,000 pa kilogalamu, choncho kusiyanitsa kapaipi kotere ndi komwe kalembedwa kuti kalibe DEHP ndi ntchito yosavuta pa makinawa. Mu 2021 padatulukanso muyezo wina, IEC 62321-3-3, wopimira ma phthalate pamodzi ndi zoletsa moto za PBB ndi PBDE pa ulendo umodzi.

Zoletsa motozi zimakhudza anthu ambiri chifukwa cha mapulasitiki obwezeretsedwa. Zikho za mawailesi a kanema ndi makompyuta akale zikagayidwa n'kusakanizidwa ndi mapulasitiki ena, makemikolo ake amapezeka m'zinthu zatsopano zakuda monga zidole, zipeso ndi zipande zophikira. Pangano la Stockholm la 2001, lomwe Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe ali m'menemo, lidaika mitundu ina ya PBDE pa mndandanda wa makemikolo oletsedwa mu 2009, ndipo decaBDE adawonjezedwa mu 2017.

Pomwe njirayi imalekezera

Choyamba, pyrolysis imaona zokhazo zomwe zingauluke. Mtovu ndi cadmium, zomwe zakhala zikuthiridwa mu PVC ina ndi mu utoto wina wa mapulasitiki, zimatsalira m'kakapu. Zitsulo zoterezi zimapimidwa ndi makina ena, monga a XRF. Lipoti lonena kuti chidole chilibe phthalate silinanene kanthu za mtovu.

Chachiwiri, kachidutswa kamakhala kakang'ono kwambiri. Seti imodzi ya diripi ili ndi kapaipi, kachipinda kodonthera madzi, kotsekera ndi polumikizira, ndipo chilichonse chingakhale cha pulasitiki yosiyana. Lipoti labwino limatchula mbali yomwe idadulidwa ndi kuchuluka kwa maulendo omwe idapimidwa.

Chachitatu, ma phthalate ali paliponse: m'fumbi, m'magolovesi a vinyl, m'zokutira mawaya. Labotale yosamala imapima kakapu kopanda kanthu pakati pa zidutswa kuti itsimikize kuti nsonga sizikuchokera ku makina kapena m'manja mwa wopima.

Chachinayi, chomwe ndi chachikulu kwa ogwira ntchito zaumoyo, n'chakuti zotsatirazi zimanena zomwe zili m'pulasitiki, osati zomwe zalowa m'thupi. Kuti adziwe zolowa m'thupi, ofufuza amapima madzi kapena magazi omwe adutsa m'chipangizocho, kapena amapima mkodzo wa wodwala kufunafuna zotsalira za DEHP monga MEHP. Timapaipi tiwiri tokhala ndi DEHP wofanana tingapereke milingo yosiyana kutali ngati kena kadutsa madzi amchere kwa ola limodzi pomwe kanzake kadutsa chakudya chamafuta usana ndi usiku.

Kusamala komweku kumafunika powerenga nkhani za tizidutswa ta pulasitiki m'thupi la munthu. Mu 2022 Heather Leslie ndi anzake a ku Vrije Universiteit Amsterdam adagwiritsa ntchito pyrolysis ya maulendo awiri pa magazi a anthu 22 ndipo adapeza zizindikiro za pulasitiki mwa anthu 17. Mu 2025 ofufuza a ku yunivesite ya Queensland ku Australia adaonetsa kuti mafuta a m'thupi akatenthedwa amatulutsa zidutswa zofanana ndi za polyethylene ndi PVC, moti makina akhoza kuwerenga mafuta ngati pulasitiki. Pa kachidutswa ka pulasitiki yeniyeni njirayi ndi yokhazikika, koma pa magazi ndi minofu akatswiri akuikonzabe.

Kuotcha pulasitiki pamtetete si kupima

Anthu ena amayatsa kachidutswa ka pulasitiki n'kununkhiza utsi pofuna kudziwa mtundu wake. Mchitidwewu ndi woopsa ndipo suonetsa makemikolo owonjezera. M'labotale mumatenthedwa theka la miligalamu m'makina otsekeka. M'dzenje la zinyalala kuseri kwa chipatala mumapsa makilogalamu, pa moto wosakwanira, anthu akupuma utsiwo. PVC ikapsa motere imatulutsa hydrogen chloride yemwe amaotcha maso ndi njira ya mpweya, komanso imathandiza kupanga ma dioxin ndi ma furan, omwe amakhalitsa m'dothi n'kulowa m'mazira, mumkaka ndi m'nyama. WHO imalangiza kuti ng'anjo zootchera zinyalala za m'chipatala zizifika madigiri 850 kapena kuposerapo, ndipo zinthu za PVC zisamaponyedwe m'ng'anjo zing'onozing'ono. Imalangizanso kuti maneti akale ndi mapaketi ake asamaotchedwe pamtetete. Kuyatsira mbaula ndi jumbo kapena zidutswa za pulasitiki kumabweretsa utsi wa mtundu womwewu pakhomo, pafupi ndi ana ndi chakudya.

Zomwe ogwira ntchito zaumoyo angachite

Makina a Py-GC/MS ndi odula, amafuna helium, magetsi osadukaduka ndi katswiri wophunzira bwino. Malo ake ndi malabotale akuluakulu a miyezo ndi a kafukufuku. Komabe zotsatira zake zingathandize ngakhale chipatala chaching'ono, malinga ngati ogwira ntchito akudziwa zoyenera kufunsa. Zipangizo zambiri za m'zipatala za m'Malawi zimachokera kunja, ndipo opanga omwe amagulitsanso katundu ku Ulaya amakhala kale ndi zikalata za zomwe adapima. Ogula katundu ali ndi ufulu wopempha chikalata chotchula polima, dzina la chofewetsa, njira yomwe idagwiritsidwa ntchito popima ndi nambala ya gulu la katunduyo. Funsoli likhala lofunika kwambiri m'zaka zikubwerazi, popeza EU idaika 1 July 2030 ngati tsiku lomwe DEHP sadzaloledwanso m'zipangizo za m'chipatala popanda chilolezo chapadera, ndipo opanga ambiri akusamukira ku zofewetsa zina monga TOTM, DINCH, DEHT ndi BTHC. Katundu wokayikitsa akhoza kukanenedwa ku bungwe loona za mankhwala la PMRA kapena ku Malawi Bureau of Standards.

M'wodi, namwino kapena dokotala aziyang'ana paketi. Chizindikiro cha makona atatu chokhala ndi zilembo PHT, nthawi zina chotsatiridwa ndi DEHP, chimasonyeza kuti chipangizocho chili ndi phthalate. Zipangizo zolembedwa kuti zilibe DEHP zikakhala zochepa, zizipita kaye ku chipinda cha makanda obadwa masiku asanakwane, kenako kwa amayi oyembekezera ndi ana. Mankhwala a khansa a paclitaxel, omwe amaperekedwa kwa odwala Kaposi sarcoma, amakoka DEHP kwambiri, ndipo malangizo ake amanena kuti asasakanizidwe kapena kuperekedwa kudzera m'zipangizo za PVC yofewetsedwa ndi DEHP. Makatoni a zipangizo asamasungidwe padzuwa kapena pafupi ndi malata otentha. Magazi azikhala pa madigiri 2 mpaka 6 kufikira nthawi yowapereka.

Palibe wodwala woyenera kumanidwa magazi, diripi kapena kachubu kodyetsera chifukwa choopa DEHP. Mayi yemwe wataya magazi ambiri pobereka kapena mwana yemwe magazi amuthera ndi malungo akhoza kumwalira tsiku lomwelo, pomwe chiopsezo cha DEHP wa m'thumba limodzi n'chochepa. Komanso DEHP amateteza maselo ofiira kuti asaphulike msanga, chomwe ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe magazi amasungikira masiku 35 mpaka 42 m'matumba a PVC, ndipo n'chifukwa chake kupeza cholowa m'malo mwake m'matumbawa kwatenga nthawi yaitali.

Kumudzi, alangizi ndi anthu ongodzipereka angaphunzitse mfundo zitatu zija za kutentha, mafuta ndi nthawi. Malamulo a 2015 oletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60 amayang'ana kukhuthala kwa jumbo, ndipo sanena za makemikolo a m'kati mwake. Jumbo ya polyethylene sifuna chofewetsa ngati DEHP, koma imakhala ndi utoto, zoterereza ndi zoteteza, ndipo yopangidwa kuchokera ku mapulasitiki obwezeretsedwa ingakhale ndi zina zomwe ngakhale woipanga sakuzidziwa. Nsima yotentha, chipisi chamafuta kapena phala la mwana ndi bwino kuziika m'mbale yachitsulo, yadothi kapena m'kontena yopangidwira chakudya. Mphika wa mpunga uzivundikiridwa ndi chivundikiro, osati jumbo. Chidole chofewa chonunkha kwambiri, chopanda dzina la wochipanga, chisapatsidwe kwa mwana yemwe akumera mano. Zigubu zomwe mudali mankhwala a mbewu kapena oilo wa galimoto zisasungirenso madzi akumwa, thobwa kapena mafuta ophikira, chifukwa pulasitiki imamwa makemikolo monga mmene imawatulutsira, ndipo kutsuka sikuwachotsa onse.